Zeki Müren, woimba amene sankameza mawu

Mukalemba dzina loti Zeki Müren pa intaneti, zoyamba kukufikani m'maso ndi zovala. Bambo wa tsitsi lopesedwa mokweza, m'maso mopakapaka, mphete m'zala, mkanjo wonyezimira wokhwekhwereza pansi, nsapato za zidendene zazitali. Ambiri amaima pomwepo n'kumadabwa kuti mwamuna wovala chonchi anakhala bwanji wokondedwa wa dziko lonse la Turkey kwa zaka 45, dziko limene anthu ake ambiri ndi Asilamu ndiponso amalemekeza kwambiri usilikali. Funsolo ndi loyenera, koma chithunzi sichingaliyankhe.

Yankho lake lili m'katchulidwe ka mawu. Sankhani nyimbo yake iliyonse ya zaka za m'ma 1950. Ngakhale chiyankhulo cha ku Turkey musachidziwe, mumva pamene liwu lililonse layambira ndi pamene lathera, popanda chilembo chogwera pansi. Mpaka lero anthu a kwawo akamatchula olankhula chiyankhulo chawo mwaudongo, dzina lake silisowa. Ine ndimakhulupirira kuti ufulu wonse umene anali nawo pa nsanja unamera pamenepa. Anayamba wasonyeza anthu kuti nyimbo zawo ndi mawu awo amazisamala kuposa wina aliyense, ndipo atamukhulupirira pa zimenezo, anamulekerera pa zambiri zimene sakanalekerera munthu wina.

Anabadwa pa 6 Disembala 1931 ku Bursa, mzinda wakale umene unali likulu loyamba la ufumu wa Ottoman. Anali mwana mmodzi yekha m'banja la a Kaya ndi a Hayriye Müren, ndipo bambo ake ankagulitsa matabwa. Agogo ake aamuna anali oitanira anthu ku mapemphero pa mzikiti wina mumzindamo. Izi si zazing'ono, chifukwa ku Turkey kuitanira mapemphero kumatsata mayendedwe a mawu omwewo amene nyimbo zachikale zimatsata, ndipo kuitana kwa m'bandakucha kuli ndi kamvekedwe kake kosiyana ndi kwa madzulo. Mwanayo anakula khutu lake likumva zimenezi m'nyumba momwe.

Koma inali nthawi yoipa kwa nyimbo zimenezi. Dziko latsopano la Turkey, lomwe Mustafa Kemal Atatürk anakhazikitsa mu 1923, linkafuna kufanana ndi mayiko a ku Ulaya, ndipo nyimbo za nthawi ya mafumu zinkaonedwa ngati katundu wotsalira wa ufumu wakugwa. Mu 1925 boma linatseka nyumba zopemphereramo za Asufi, magulu a Chisilamu ozama pa zauzimu, momwe akatswiri ambiri ankaphunzirira kuimba. Mu 1926 sukulu ya nyimbo ya ku Istanbul inasiya kuphunzitsa chamba chimenechi. Kenaka mu Novembala 1934, Zeki asanakwanitse zaka zitatu, nyimbozi zinachotsedwa pa wailesi, ndipo chiletsocho chinakhala pafupifupi zaka ziwiri. Anthu sanasanduke okonda nyimbo za ku Vienna monga akuluakulu ankayembekezera. Ambiri ankangopotokola wailesi zawo kufunafuna ya ku Cairo, kumene kunkamveka zoyandikira ku mtima wawo. Sukulu ya boma yophunzitsa nyimbo zachikale za dzikolo inadzatsegulidwa pakati pa zaka za m'ma 1970, Zeki Müren atatchuka kale kwa zaka zoposa 20.

Ndiye munthu wofuna luso limeneli ankaphunzira ngati mmene ankaphunzirira makolo: kukhala pamaso pa mphunzitsi, iye aimbe mzere, iwe ubwereze, mpaka nyimbo yonse ikhazikike m'mutu. Ku Bursa Zeki anayambira kwa İzzet Gerçeker, woimba choimbira cha khosi lalitali chotchedwa tanbur. Atapita ku sukulu yogonera pompo ya Boğaziçi Lisesi ku Istanbul, anapeza aphunzitsi ena, kuphatikizapo Agopos Efendi, Şerif İçli ndi Refik Fersan. Dzina loyambalo ndi la munthu wa mtundu wa Armenia, ndipo ndimakonda kuti zili choncho, chifukwa nyimbozi zinamangidwa ndi Asilamu, Akhristu ndi Ayuda a mumzinda umodzi.

Zimene ankaphunzira n'zolemera ndithu, ndipo zikufunika kuzifotokoza pang'ono. Pa piyano kapena pa gitala, kuchokera pa liwu lina kukafika pamene likubwerezanso pamwamba pali masitepe 12. M'nyimbo za ku Turkey, monga mmene akatswiri awo anazilembera m'zaka za m'ma 1900, pali masitepe 24, ndipo si otalikirana mofanana. Pali mawu amene amakhala pakati pa mabatani awiri oyandikana a piyano, pamene piyanoyo ilibe kanthu. Mawu amenewa amalukidwa m'njira zotchedwa makam, monga Hicaz, Rast, Uşşak, Hüzzam, Nihavent ndi zina zambiri. Makam iliyonse ili ndi ulendo wake: poyambira, popumira, poyenera kuchedwapo, ndi potsikira pomaliza. Woimba akaphonya kachidutswa kakang'ono ka liwu, odziwa amamva kuti walowa m'makam ina. Kagundidwe kake nakonso n'kosiyana ndi kamene tinazolowera. Kena kamawerengedwa mpaka 9, mogawa 2, 2, 2 ndi 3, moti nyimbo imayenda ngati ikutsimphina mwadala. Kena kamafika pa 10, ndipo m'nyimbo zakale kwambiri kamapitirira kutali.

Pamwamba pa zonsezi pali ndakatulo, ndipo apa m'pamene Zeki Müren anasiyira anzake. Mawu a nyimbo zachikale analembedwa m'chiyankhulo cha nthawi ya Ottoman, chodzaza ndi mawu ochokera ku Chiarabu ndi Chiperisiya, momwe kutalika kapena kufupika kwa chilembo cha liwu kumasintha kayendedwe ka mzere, nthawi zina ndi tanthauzo lomwe. Mu 1928 dziko linasiya zilembo za Chiarabu n'kuyamba kulemba ndi zilembo zangati zathuzi, ndipo posakhalitsa boma linayamba kuchotsa mawu akalewo m'mabuku ndi m'masukulu. M'badwo wa Zeki unali woyamba kukula usakutha kuwerenga makalata a agogo awo. Kuwonjezera apo, oimba ambiri a m'malo achisangalalo ankakometsera mawu pakhosi mpaka ndakatulo kusowa m'kati mwa zokometserazo. Münir Nurettin Selçuk ndiye anayamba kukonza zimenezi. Mu 1930 anaimba ataimirira yekha kutsogolo, atavala suti ya ku Ulaya, pamene kale woimba ankakhala pampando pakati pa oimba zoimbira. Zeki anatenga njira imeneyo n'kuifikitsa m'nyumba ya munthu wamba. Chilembo chachitali ankachitalikitsa ndendende, chachifupi osachikoka, ndipo mzere wa ndakatulo ankaupumira pamene ganizo lapumira. Mtsikana wa ku sukulu amene sanaphunzirepo mawu a agogo ake ankatha kuwamva bwinobwino, kuwalemba, n'kukafunsa tanthauzo. Kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yaikulu imene munthuyu anagwira, ndipo anaigwira nthawi imene sukulu za boma zinali zitaitaya.

Mu 1950 analowa sukulu ya ukachenjede ya zaluso ku Istanbul, imene lero ndi yunivesite ya Mimar Sinan, kukaphunzira zojambula zokongoletsera nsalu ndi zinthu zina. Chaka chomwecho wailesi ya Istanbul inayesa mayeso ofuna oimba, ndipo mwa anthu 186 iye anakhala woyamba. Mu 1951 anaitanidwa mwadzidzidzi kuti akalowe m'malo mwa woimba wotchuka Perihan Altındağ Sözeri, amene sanathe kubwera, ndipo anaimba pa wailesi anthu akumva nthawi yomweyo. Atamaliza, Hamiyet Yüceses, mmodzi mwa amayi otchuka kwambiri pa kuimba nthawi imeneyo, anaimba foni ku wailesiko kumuyamikira. Anali mnyamata wa zaka 19, wovala magalasi. Amene munakula wailesi m'Malawi ili MBC yokha mukudziwa mphamvu ya liwu limene anthu onse akulimva pa ola limodzi. Ku Turkey nako wailesi zinali zochepa, zonse za boma, ndipo kanema wa m'nyumba anali asanafike. Choncho anthu anayamba kumukonda asanamuone nkhope. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri pa zonse zimene zinadzatsatira.

Zina zinayenda mwaliwiro. Mu 1951 momwemo anajambula chimbale chake choyamba, nyimbo ya Şükrü Tunar, katswiri wa klarineti, yotchedwa "Muhabbet Kuşu". Filimu yake yoyamba, "Beklenen Şarkı", imene anasewera ndi Cahide Sonku, inakoka anthu ochuluka, ndipo pamoyo wake anasewera m'mafilimu pafupifupi 20. Mu 1955 nyimbo imene anapeka yekha, "Manolyam", inalandira chimbale chagolide choyamba m'dzikomo. Tikawerengera zonse, anapeka nyimbo pafupifupi 300 ndipo anajambula zimbale ndi makaseti oposa 600. Ngati mukufuna poyambira, yambani ndi zojambulidwa za pa wailesi za zaka zoyambirirazi, pamene mawu ake anali opepuka, oimba zoimbira ali ochepa, ndipo zoimbira za zingwe zotchedwa kanun ndi ud, pamodzi ndi klarineti, zikumveka chilichonse pachokha. Panalinso pulogalamu ya pa wailesi imene ankalankhula ndi madalaivala oyenda mitunda italiitali, kuwauza kuti maso awo akhale pa msewu, makutu akhale kwa iye. Mawu amenewo anthu akadawakumbukabe.

Pa nsanja anakwera mochedwerapo, pa 26 Meyi 1955, atamaliza sukulu. Malo oimbiramo nthawi imeneyo ankatchedwa gazino. Sanali malo a juga, koma nyumba zikuluzikulu zodyeramo momwe mabanja ankakhala pa matebulo, oimba akusinthana usiku wonse, ndipo wamkulu pa onse ankabwera pomaliza. Masana a tsiku lina pa mlungu, kawirikawiri Lachitatu, ankakhala a amayi okhaokha, amene ankabwera ndi ana ndi zakudya zophika kunyumba. Zeki anafika m'malo amenewa ndi diso la munthu wophunzira zojambula. Oimba zoimbira, amene kale aliyense ankavala zake, anawaveka zofanana. Anakonzetsa nsanja yotulukira pakati pa matebulo, yooneka ngati chilembo cha T, kuti aziyenda ndi maikolofoni m'manja mpaka pafupi ndi okhala kumbuyo. Kwa zaka 11 ankaimba pa Maksim, gazino yotchuka kwambiri ya pa bwalo la Taksim ku Istanbul imene mwini wake anali Fahrettin Aslan, akusinthana nyengo ndi Behiye Aksoy.

Zovala zinabwera pang'onopang'ono. Anayamba ndi suti, kenaka suti yoyera, kenaka ya mitundu, kenaka timikanda tonyezimira pa kolala, mpaka mikanjo ndi nthenga. Ankazijambula yekha, n'kuzipatsa mayina ngati mmene wojambula amatchulira zithunzi zake. Mu 1970 anatulukira pa nsanja atavala kachovala kolekeza m'ntchafu ndi nsapato zazitali, ndipo nyuzipepala zinadzaza ndi nkhaniyo. Iye ankayankha kuti ankhondo akale nawonso ankavala zotero. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti m'kati mwa zonsezi ulemu wake kwa omvera sunasunthe. Asanaimbe ankawalonjera ndi mawu aulemu wapamwamba, ngati akulankhula ndi akuluakulu a pabanja. Sankatukwana kapena kunyoza munthu pa nsanja. Ankatchula dzina la wopeka nyimbo ndi makam yake. Pa nyengo zopatulika za chipembedzo ankadziwa malire. Usilikali anakatumikira ngati mwamuna wina aliyense wa dzikolo, m'zaka za 1957 ndi 1958. Mayi wachikulire wovala mpango kumutu ankatha kumuona ngati mwana wake wa makhalidwe abwino, ngakhale mwanayo atavala zonyezimira kuposa mkwatibwi.

Anamupatsa mayina awiri. Lina ndi Sanat Güneşi, kutanthauza dzuwa la luso. Linalo ndi Paşa, dzina laulemu la akuluakulu a asilikali, limene linamukakamira ataimba mu 1969 m'bwalo lakale la Aroma la Aspendos, pafupi ndi Antalya. Mu 1976 anakaimba ku Royal Albert Hall ku London, woyamba mwa oimba a dziko lake kuimba kumeneko, ndipo mu 1991 boma linamupatsa ulemu wa katswiri wa dziko. Boma lomwelo limene linachotsa nyimbozi pa wailesi iye ali khanda.

Pali mbali ina imene sindikufuna kuilambalala. Zeki Müren sanakwatire. Anthu ambiri m'dzikomo ankamvetsa kuti ankakonda amuna anzake, koma iye sanazinene poyera, ndipo atolankhani ambiri ankasewera nawo masewerawo, kumalemba za akazi amene akuti ankamufuna. Panali ngati pangano losalemba: iwe usatchule, ifenso sititchula. Kuti muone kulimba kwa panganolo, yang'anani zimene zinachitikira Bülent Ersoy, woimba wina waluso lalikulu pa chamba chomwechi. Asilikali atalanda boma pa 12 Seputembala 1980, Ersoy, amene mu 1981 anachitidwa opaleshoni ku London n'kukhala mkazi poyera, analetsedwa kukwera pa nsanja mpaka 1988. Müren sanaletsedwe. Wina ananena zake poyera n'kulipira zaka zisanu ndi ziwiri za ntchito yake, wina anakhala chete n'kutchedwa Paşa. Lero ena ku Turkey amamuona ngati wotsegula njira, ena amamudandaula kuti ndi kutchuka konse kuja sanayankhulirepo anzake. Ine sindingamuweruze mopepuka. Munthu amene ntchito yake yonse inali yomveketsa liwu lililonse anakhala moyo wonse ali ndi nkhani imodzi yosaloledwa kuitchula, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni. Chikondi cha dziko lonse chinali chenicheni, koma chinali ndi mtengo wake, ndipo wolipira anali iye.

Akatswiri a nyimbo zachikale nawonso anali ndi mlandu wawo ndi iye, ndipo pa uwu ndimawamvetsa pang'ono. Zaka zikupita, gulu la zoimbira linkakula, mavayolini ankachuluka, ndipo nyimbo zolemera za akatswiri akale monga Dede Efendi ndi Hacı Arif Bey zinkachepa m'malo mwa nyimbo zachikondi zosavuta. Cha m'ma 1980 anatulutsa "Kahır Mektubu", nyimbo imodzi yotalika pafupifupi theka la ola, yopekedwa ndi Muzaffer Özpınar, imene inayandikira chamba cha arabesk. Chamba chimenechi chinali cha anthu osauka ochoka kumidzi kudzakhala m'mphepete mwa mizinda, ndipo wailesi ya boma sinkachilola. Kwa odziwa makam kunali kutsika. Ndikamvetsera zimbale zake za nthawi imeneyo ndimavomereza kuti zina n'zolemedwa ndi zokometsera, ndipo mawu ake anali atanenepa, akulira kwambiri kuposa kale. Koma sindivomereza zoti anagulitsa luso. Omvera ake anali atasintha. Woyendetsa minibasi wa ku Istanbul amene anabadwira kumudzi ku Anatolia, chigawo cha Turkey cha ku Asia, nayenso anali womvera, ndipo Müren anamuimbira ndi katchulidwe komweko kamene ankaimbira mabwana a pa Maksim. Akanakana kupita kumene anthu anali, nyimbozi zikanatsala za kagulu kochepa ka ophunzira.

Thupi linayamba kumukana msanga. Mu 1980 anadwala mtima, ndipo matenda a shuga ndi kunenepa zinawonjezera. Anasamukira ku Bodrum, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja ya Aegean, ndipo mu 1984 anaimba komaliza pamaso pa khamu m'linga lakale la tawuniyo. Anapitiriza kujambula nyimbo, koma zaka zake zomaliza anazikhala m'nyumba, osafuna kuti anthu amuone mmene matenda anamusinthira. Munthu amene anasamala maonekedwe ake moyo wonse anasankha kuti anthu asunge chithunzi chakale.

Mu 1996 wailesi ndi kanema ya boma, TRT, inamupempha kuti abwere ku situdiyo yake ya ku İzmir kudzalandira ulemu. Anavomera, anavala bwino, napita. Pa 24 Seputembala, makamera akujambula, anamupatsa mphatso ya maikolofoni imene anaimbira pa wailesi ulendo woyamba mu 1951. Anailandira, anathokoza, koma ankaoneka kuti akuvutika kuima. Patangopita mphindi zochepa mtima unaima. Anali ndi zaka 64. Maliro ake ku Bursa kunasonkhana khamu losaneneka, ndipo anaikidwa m'manda a Emir Sultan, mumzinda umene anabadwira.

Analibe mwana kapena m'bale wobadwa naye, ndipo chuma chake chonse anachisiyira mabungwe awiri: Türk Eğitim Vakfı, limene limalipirira maphunziro ana osowa, ndi Mehmetçik Vakfı, limene limathandiza asilikali ovulala ndi mabanja a asilikali omwalira. Ena amaona kusankha kumeneku ngati umboni womaliza woti ankafuna kuwerengedwa ngati mwana wokhulupirika wa dziko lake, ndipo ndikuganiza kuti akunena zoona. Ophunzira ambirimbiri apita ku sukulu ndi ndalama zimenezo. Nyumba yake ya ku Bodrum inatsegulidwa mu 2000 ngati malo osungirako mbiri yake, ndipo muli zovala zija, zojambula zake za pa nsalu, ndi galimoto yake pabwalo. Tsiku lake lobadwa, 6 Disembala, tsopano limakumbukiridwa ngati tsiku la nyimbo za chamba chimenechi. Mu 2002 mabungwe awiri aja anamanga sukulu ya sekondale ya zaluso ku Bursa yotchedwa dzina lake, ndipo mwana wofuna malo pamenepo amayamba wayesedwa pa kuimba kapena pa kujambula.